Njira ya Pamwamba: Ulendo wa pa Chipale Pakati pa Chamonix ndi Zermatt

Pakati pa tauni ya Chamonix ku France, yomwe ili m'tsinde mwa phiri la Mont Blanc, ndi mudzi wa Zermatt ku Switzerland, womwe uli kunsi kwa phiri la Matterhorn, pali njira yopanda msewu imene eni dziko amaitcha Haute Route, kutanthauza njira ya pamwamba m'Chifalansa. Oyenda m'njirayi amatha masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri akukwera nsonga za mapiri ndi kudzera m'mipata yake, ndipo nthawi yambiri amakhala akuponda pa mitsinje youndana, yomwe ndi chipale chofewa cha zaka mazanamazana chimene chinatsenderezana mpaka kulimba ngati mwala, n'kumatsika m'zigwa pang'onopang'ono moti diso silingaone kuyenda kwake. Kuphazi amamangako ski, omwe ndi matabwa awiri aatali ndi opyapyala otsetserekera pa chipale, ndipo nyengo yawo ndi ya kumapeto kwa chisanu, kuyambira pakati pa Marichi mpaka kumayambiriro kwa Meyi. Nyengo imeneyi sinasankhidwe tsiku limodzi. Inaphunziridwa m'kati mwa zaka zambiri, mwa kuyesa ndi kulephera.

Oyamba kulondola njirayi anaiyenda wapansi m'nyengo yotentha. Anali Angerezi a bungwe la Alpine Club, lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1857, ndipo pofika 1861 anali atalumikiza mipata yosiyanasiyana kukhala ulendo umodzi. Panthawiyo ski anali asanafale m'mapiri a Alps, popeza kwawo kwenikweni kunali kumpoto, m'maiko ngati Norway. Chimene chinadzutsa chidwi ndi ulendo wa Fridtjof Nansen wodutsa Greenland pa ski mu 1888, pamodzi ndi buku lake lofotokoza ulendowo, lomwe linawerengedwa kwambiri ku Ulaya. Mu Januwale 1897 Wilhelm Paulcke wa ku Germany ndi anzake anadutsa mapiri a Bernese Oberland pa ski, ndipo anthu anaona kuti matabwa amene ankayesedwa choseweretsa angathe kufikitsa munthu kumene miyendo yokha ikanangotitimira.

Ku Chamonix amene anautenga mtima mwambowu anali dokotala Michel Payot, yemwe ankavala ski pokaona odwala m'midzi yotsekedwa ndi chipale. Mu Januwale 1903 iye ananyamuka ndi anzake atatu a m'chigwamo, Joseph Couttet, Alfred Simond ndi Joseph Ravanel, ndipo anakafika ku Zermatt, ngakhale kuti nyengo yoipa inawakakamiza kutsikira m'zigwa pakati pa ulendo n'kukakweranso pena. Gawo lovuta la pakatilo linadutsidwa mu Januwale 1911 ndi Marcel Kurz, katswiri wojambula mapu, pamodzi ndi pulofesa wa ku Geneva dzina lake Roget, amene anayambira ku Bourg-Saint-Pierre. Mabuku amakonda kutchula maina a ophunzirawo, koma ulemu waukulu ukuyenera kupita kwa anamlondola monga Maurice Crettex ndi Louis Theytaz, ana a m'zigwa za Valais, amene ankasenza katundu wolemera, kuswa njira m'chipale chakuya ndi kudziwa potsika pamene nkhungu yaphimba zonse.

Maulendo onsewa a pa ski m'mapiri a Alps anachitika mu Januwale, ndipo mwezi umenewu unaonetsa msanga kuipa kwake. Dzuwa limalowa msanga, mphepo imasesa chipale pamwamba n'kusiya madzi oundana oterera, ndipo ming'alu ya m'mitsinje youndana, yomwe ina ndi yakuya mamita makumi angapo, imakhala itangophimbidwa ndi kachipale kopyapyala kosatha kunyamula munthu. Chipale chongogwa kumene chimakhalanso chisanagwirane ndi cha pansi pake, motero phazi la munthu mmodzi lingathe kugumula phiri lonse, ngozi imene ili ngati chigumukire cha dothi koma yothamanga koposa. Kumapeto kwa chisanu zinthu zimasintha. Chipale cha miyezi inayi kapena isanu chimakhala chitaunjikana pa ming'alu n'kupanga milatho yolimba, ndipo popeza masana chimasungunuka pamwamba, usiku n'kuundananso, m'mawa chimadzuka cholimba ngati pabwalo pozira. Dzuwa likachiwomba kwa maola ochepa, pamwamba pokha pamafewa, ndipo apo m'pamene ski amatsetsereka bwino kopambana. Mngerezi Arnold Lunn, amene anaphunzira mozama za kusinthasintha kwa chipale, anali mmodzi mwa olimbikitsa anthu kuyenda m'miyezi imeneyi, ndipo Kurz naye anasonkhanitsa zimene anadziwa m'buku lake la 1925 lotchedwa Alpinisme hivernal.

Chifukwa cha zimenezi tsiku la woyenda m'njirayi limayamba kukali mdima. M'zigono zamiyala zimene zambiri zinamangidwa ndi bungwe la okwera mapiri la Switzerland, lomwe linayamba mu 1863, anthu amadzuka mbandakucha, kumwa tiyi ndi buledi mofulumira, n'kutuluka atamanga matochi pamphumi. Asananyamuke aliyense amamata kunsi kwa ski wake chikopa chachitali chimene ubweya wake unagonera kumbuyo, kotero kuti thabwa limatsetsereka likamapita kutsogolo koma limagwira likafuna kubwerera. Kale chikopachi chinali cha nyama ya m'nyanja zozizira yotchedwa seal, pamene lero chimapangidwa ndi ubweya wa mbuzi za Angora kapena nayiloni. Pokwera, chidendene chimakhala chomasuka ngati cha munthu woyenda. Akafika pansonga amamatula zikopa, kuzipinda, kuziika m'chifuwa kuti zisaundane, n'kumanga chidendene kuti atsike. Cholinga n'chakuti dzuwa likamapendeka akhale atafika pachigono china, milatho ya chipale isanafewe. Chigono cha Bertol, chomwe chili pamwamba pa thanthwe pa mamita 3,311, amachifikira pokwera makwerero achitsulo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawonjezera mbali ina pa mwambowu. Pofuna kuyesa mphamvu za asilikali olondera malire a kumwera, gulu lankhondo la Switzerland linayambitsa mu Epulo 1943 mpikisano wotchedwa Patrouille des Glaciers, wochokera ku Zermatt kukafika ku Verbier, momwe anthu atatuatatu amathamanga kuyambira usiku mtunda woposa makilomita 50. Mu 1949 asilikali atatu anagwera mumng'alu pa mtsinje woundana wa Mont Miné n'kufera momwemo, ndipo mpikisanowo unaletsedwa mpaka 1984. Tsopano umachitika kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo anthu wamba amalowa nawo.

Masiku ano aliyense amanyamula fosholo, ndodo yaitali yopisira m'chipale ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro cha wailesi kuti wokwiririka apezeke msanga, komabe zipangizozi sizinathetse maliro. Kumapeto kwa Epulo 2018 mkuntho unapeza anthu 14 pa phiri la Pigne d'Arolla, lomwe ndi lotalika mamita oposa 3,700, ndipo atagona panja usiku wonse, asanu ndi awiri anamwalira, chigono cha Vignettes chili pafupi ndithu koma chosaoneka.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti nayo njirayo ikusintha pansi pa mapazi a oyendamo. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, mitsinje youndana ya ku Switzerland inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake. Pa mpata wa Col du Chardonnet, pomwe Payot ndi anzake anadutsa mu 1903, madzi oundana anaphwa kwambiri moti otsika amayenera kulendewera pa chingwe, ndipo anamlondola ambiri tsopano amatengera alendo awo ku mpata wina wa kumpoto kwake, wotchedwa Col du Passon.