Kuyambira pamsewu wa ku Warren mpaka ku Chilobwe

Mu September 1982, anthu a m'boma la Warren ku North Carolina, m'dziko la America, ankasonkhana m'mawa patchalitchi cha Coley Springs Baptist. Akatha kupemphera ankaguba kupita kumsewu, ndipo ena ankagona paphula kuti malole asadutse. Malolewo ankanyamula dothi la poizoni.

Gwero la zonsezi linali mu 1978, pomwe anthu ena, pozemba ndalama zotayira zinyalala mwalamulo, ankakhetsa usiku mafuta okhala ndi mankhwala oopsa a PCB m'mbali mwa misewu, mtunda wa makilomita oposa 380. Boma la North Carolina litapala dothilo linasankha kukalikwirira ku Afton m'boma la Warren, dera la anthu osauka, ambiri mwa iwo akuda. Zionetsero zinachitika masabata asanu ndi limodzi. Anthu oposa 500 anamangidwa, abusa ali momwemo, koma dothi linakwiriridwabe, ndipo ntchito yoyeretsa malowo inadzatha mu 2003.

Mpingo wa United Church of Christ sunaisiye pomwepo nkhaniyi. Nthambi yake yolimbana ndi tsankho, motsogozedwa ndi Mbusa Benjamin Chavis amene nayenso anamangidwa ku Warren, inafufuza dziko lonse la America ndipo mu 1987 inatulutsa lipoti lotchedwa Toxic Wastes and Race in the United States. Lipotilo linapeza kuti ukafuna kudziwa komwe kuli malo otayirako zinyalala zoopsa, uyambe wayang'ana khungu la anthu okhala kumeneko, ndipo ndalama zomwe amapeza zimabwera pambuyo.

Ambiri timaganiza kuti mpingo unalowa nkhani ya chilengedwe pomvera chisoni mitengo ndi mbalame. Ine ndikuona kuti unalowera pakhomo la mmphawi, ndipo akuluakulu a mipingo anachita kutsatira. Iwo anali ndi mlandu woti ayankhe: mu 1967 katswiri wa mbiri yakale Lynn White analemba kuti Chikhristu cha Azungu ndicho chinaphunzitsa munthu kudziona ngati mwini wa chilichonse chopuma. Bungwe la World Council of Churches, pamsonkhano wake wa ku Vancouver mu 1983, linamanga pamodzi chilungamo, mtendere ndi kusamala chilengedwe. Mu 1989 mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox ku Constantinople, Dimitrios I, anapatula 1 September kukhala tsiku lopempherera chilengedwe.

Kwa anansi athu ku Masvingo, Zimbabwe, zinthu zinayenda mwa njira yawoyawo. Mipingo yoyambitsidwa ndi Aafirika inapanga bungwe la Association of African Earthkeeping Churches mu 1991, mothandizana ndi katswiri wa zaumulungu Marthinus Daneel. Pamgonero wa Ambuye, munthu ankaulula poyera tchimo lodula mitengo osabzala ina, kapena lolima m'mbali mwa mtsinje, kenako ankalandira mbande n'kukaidzala. Taganizani mkulu wa mpingo akuulula nkhwangwa yake pamaso pa gulu, ngati momwe ena amaululira chigololo.

Ena analipira ndi moyo. Sisitere Dorothy Stang, wa zaka 73, ankathandiza alimi ang'onoang'ono ku Anapu, m'nkhalango ya Amazon ku Brazil, kuteteza minda yawo kwa eni ng'ombe ndi odula matabwa. Pa 12 February 2005 anawomberedwa ndi zigawenga zolembedwa ganyu.

Choncho pamene Papa Francis anatulutsa kalata ya Laudato Si' mu June 2015, kutatsala miyezi yochepa kuti mayiko agwirizane pangano la ku Paris lokhudza kusintha kwa nyengo, mfundo yake yaikulu, yoti kuwonongeka kwa dziko ndi kuvutika kwa osauka ndi vuto limodzi, inali itayendayenda kale m'matchalitchi ang'onoang'ono.

Kuno kwathu mfundoyo tinaiona ndi maso mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche ndipo matope anakwirira nyumba za anthu ku Chilobwe. Matchalitchi ndi masukulu anasanduka misasa. Komabe ulaliki wathu umakonda kuthera pa wootcha makala, amene n'zoona akupululutsa mapiri, n'kusiya mayiko olemera amene utsi wa mafakitale awo ukutenthetsa nyanja zomwe zimabala anamondwe. Mabungwe achikhristu monga Christian Aid ndi ACT Alliance anali m'gulu la okakamira kuti pakhale thumba lolipirira zowonongeka m'mayiko osauka, ndipo mayiko anavomera pamsonkhano wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Ku Dubai mu 2023 malonjezo a dziko lonse m'thumbalo anali pafupifupi madola 700 miliyoni. Kafukufuku wa boma la Malawi anapeza kuti kukonzanso zomwe Freddy yekha anawononga kunkafunika madola pafupifupi 680 miliyoni.