Mbiri ya Kuyeza Kuwala kwa Madzi Oundana a M'mapiri a Alps

Madzi oundana amene amakuta mapiri aatali, omwe asayansi amawatcha glacier, sasungunuka ndi mpweya wotentha wokha. Mphamvu yambiri yowasungunula imachokera kudzuwa, ndipo kuchuluka kwa kuwala komwe amamwa kumadalira mmene pamwamba pake payerera. Chipale chofewa chongogwa kumene chimabweza magawo 80 mpaka 90 pa 100 alionse a kuwalako, ayezi woyera amabweza 30 mpaka 40, pamene ayezi wothimbirira ndi fumbi amatha kubweza osakwana 20. Muyeso umenewu umatchedwa albedo, dzina limene Johann Heinrich Lambert analemba m'buku lake la Photometria mu 1760.

Poyamba ntchitoyi inali ya miyendo ndi msana. Ofufuza ankakwera phiri atasenza zipangizo zoyezera kuwala, n'kuloza china kumwamba, china pansi, kenako n'kuyerekeza kuwala kobwera ndi kobwerera. M'zaka za m'ma 1950, Herfried Hoinkes wa ku Innsbruck anayeza pa glacier ya Vernagtferner ku Austria, ndipo zinaoneka kuti dzuwa ndilo gwero lalikulu la kusungunukako. Vuto linali loti chipangizo chimangoona pomwe chayima, chonsecho glacier imodzi imakhala yoyera kumtunda, yotuwa pakati, yakuda kumunsi.

Setilaiti ya Landsat yoyamba inaponyedwa mu 1972. Kadontho kalikonse ka chithunzi chake kankaimira malo a mamita pafupifupi 80, ndipo chipale chinkathobwa makamera ake moti malo owala kwambiri ankangooneka mbee, osasiyanitsika. Chipangizo cha Thematic Mapper, chomwe chinakwera pa Landsat 5 mu 1984, chinachepetsa kadonthoko kufika mamita 30.

Komabe nambala imene setilaiti imatumiza si albedo, ndipo luso lenileni la ntchitoyi lagona pamenepa. Setilaiti imaona kuwala kwa mitundu yochepa chabe, kuchokera mbali imodzi, kudzera mumpweya wokhala ndi nthunzi ndi fumbi. Phiri nalo n'lotsetsereka: mbali yoyang'ana dzuwa imaoneka yowala kuposa mmene ilili, ya mumthunzi imaoneka yakuda. Ayezi sabweza kuwala mofanana mbali zonse. Zonsezi zimayenera kuchotseredwa ndi masamu, ndipo masamuwo sangadalirike popanda miyeso ya pansi. N'chifukwa chake siteshoni imene Johannes Oerlemans wa ku Utrecht anayimika pa glacier ya Morteratsch ku Switzerland mu 1995 inakhala yofunika zedi. Mu 1999, Wouter Knap ndi anzake anafalitsa njira yopezera albedo yonse kuchokera ku mitundu iwiri yokha ya kuwala ya Landsat, ndipo ambiri anaitsatira.

Kumapeto kwa chaka chomwecho, chipangizo cha MODIS chinakwera pa setilaiti ya Terra. Chimajambula tsiku lililonse, ngakhale kadontho kake ka mamita 250 mpaka 500 n'kakakulu kwa glacier zing'onozing'ono. Mu 2012, Marie Dumont ndi anzake anasonyeza pa glacier ya Saint-Sorlin ku France kuti albedo yotsikitsitsa ya m'chilimwe imagwirizana kwambiri ndi kuchuluka kwa ayezi amene watayika chaka chimenecho. Zimenezi zinatsegula njira yolondolera glacier zomwe munthu safikako. Zithunzi za Landsat zinayamba kuperekedwa kwaulere mu 2008, kenako Landsat 8 mu 2013 ndi Sentinel-2 mu 2015 zinabwera ndi makamera osathobwa msanga.

Zimene miyesoyi yaulula n'zodetsa nkhawa. Pa Morteratsch, ayezi akamabwerera kumtunda amasiya poyera zibuma ndi miyala m'mbali mwa chigwa, ndipo mphepo imamwaza fumbi lake pa ayezi wotsalayo. Akada amamwa dzuwa lambiri, n'kusungunuka mofulumira. Mu Marichi 2022 fumbi la ku Sahara linagwera pa chipale cha ku Alps chomwe chinali kale chochepa, kenako kunabwera chilimwe chotentha kwambiri, ndipo glacier za ku Switzerland zinataya pafupifupi magawo 6 pa 100 a ayezi wawo m'chaka chimodzi.