Dontho lomaliza: mmene makina analandira ntchito ya diso

John Dalton, katswiri wa kemisitiri wa ku Manchester, sankatha kusiyanitsa bwino mitundu ina. Mu 1794 iye mwini anafotokozera anzake ophunzira za vuto lakelo. Nkhaniyi imandichititsa chidwi chifukwa kwa zaka zoposa 100 pambuyo pake, ntchito ina yaikulu ya mu labu inkadalira chinthu chimene Dalton analibe, diso lodziwa mtundu.

Ntchitoyo ndi titration. Tinene kuti mukufuna kudziwa kuchuluka kwa asidi m'botolo. Mumatenga mankhwala ena amene mphamvu yake mukuidziwa kale, n'kumadonthetsera mu asidimo pang'onopang'ono mpaka asidi yense atatheratu. Mukaona kuchuluka kwa mankhwala amene alowa, yankho mwalipeza. Koma mudziwa bwanji kuti asidi watha, poti zonse zimangooneka ngati madzi? Apa ndi pamene pamalowa indicator, kamankhwala kosintha mtundu. Mu 1664 Robert Boyle analemba za madzi a maluwa a violet, amene amafiira mu asidi. Mu 1855 Karl Friedrich Mohr anatulutsa buku lake la titration, ndipo mu 1871 Adolf von Baeyer anapanga phenolphthalein, ija yopanda mtundu mu asidi koma yosanduka pinki asidi akangotha.

Vuto ndi loti pinki wanga si pinki wanu. Wina amaima pinki atangoyamba kuoneka, wina amadikira kuti akhwime. Onjezanipo nyale yosawala bwino, diso lotopa, kapena chinthu choyezedwacho chikhale ndi mtundu wakewake ngati vinyo. Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 mL basi, koma madontho awiri atatu opitirira akhoza kusokoneza yankho lonse.

Thandizo linachokera kwa anthu amene sankaganiza n'komwe za titration. Mu 1729 Pierre Bouguer wa ku France anaonetsa mmene kuwala kumacheperachepera kukamadutsa m'chinthu. Johann Heinrich Lambert anaika zimenezi m'masamu mu 1760. Kenako mu 1852 August Beer anawonjezera mfundo yofunika kwa a kemisitiri: mankhwala osungunuka m'madzi akachuluka kawiri, muyezo wa kuwala komwedwa nawonso umakwera kawiri. Lamulo linalipo, chimene chinkasowa ndi diso lamagetsi loyezera kuwalako. Mu 1928 Ralph Müller ndi H. M. Partridge a ku America anagwiritsa ntchito photocell pa titration, ndipo mu 1941 kampani ya Arnold Beckman inatulutsa spectrophotometer yotchedwa DU, imene inafala m'malabu ambiri.

Tsono chimene ine chimandisangalatsa ndi ichi, anzanga. Makinawa sadikira mphindi imene mtundu usinthe. Mumathira mankhwala pang'ono, n'kuyeza kuwala komwedwa, n'kulemba. Mumabwereza kangapo, ngakhale kupitirira pothera penipenipo. Mukajambula manambalawo pa girafu, pamatuluka mizere iwiri yowongoka, wina wa zisanathe, wina wa zitatha. Mukaitalikitsa, pamene yakumana ndiye pothera pake. Chongofunika kusamala ndi kukonza manambala, popeza chilichonse mwathiracho chikusungunula zinthu m'botolomo. Eti, dontho lomaliza lija anthu ankalilondera mtima uli m'mwamba, pano limapezeka ndi rula.

Musaganize kuti ndi za m'mabuku chabe. Madzi ena a pamjigo sopo sachita thovu, ndipo ketulo imachita zoyerayera mkati. Chimachititsa ndi calcium ndi magnesium. M'zaka za m'ma 1940 Gerold Schwarzenbach wa ku Zürich anakhazikitsa njira yoziyezera ndi EDTA. Indicator yake, Eriochrome Black T, imachoka pa kufiira kupita pa buluu, koma imadutsa pa pepo, ndipo anthu awiri akhoza kutsutsana kuti buluu wayambira pati. Makina oyeza kuwala amathetsa mkanganowo.

Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la mbiriyi ndi loti umboni umatsala. Kale woyeza ankati mtundu wasintha, inu n'kungomukhulupirira. Lero amakupatsani girafu, ndipo aliyense wokayikira, ngakhale wa maso ngati a Dalton, akhoza kutenga rula n'kudzipezera yekha pamene mizere yakumana.