Vuto la tulo ndi khansa ya m'matumbo

Kusagona bwino ndi chimodzi mwa zinthu zimene akatswiri a zaumoyo akuganiza kuti zingawonjezere chiopsezo cha khansa ya m'matumbo aakulu. Vutoli ndi monga kusowa tulo, kubanika m'tulo kumene kumayendera limodzi ndi mkonono, komanso kugona nthawi zosinthasintha chifukwa cha ntchito.

Umboni wodziwika kwambiri ndi wa anthu ogwira ntchito usiku. Mu 2003, kafukufuku wa anamwino ku United States wotchedwa Nurses' Health Study anapeza kuti amayi amene ankagwira ntchito usiku katatu kapena kuposa pamwezi, kwa zaka zosachepera 15, anali ndi chiopsezo choposa cha anzawo osagwira usiku ndi 35 peresenti. Mu 2019, bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linaika ntchito ya usiku m'gulu la 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa, ngakhale linati umboni wochokera kwa anthu ndi wochepa.

Kuwala kwa magetsi usiku kumachepetsa melatonin, homoni imene thupi limapanga mumdima, ndipo pa nyama zoyeserera homoniyi imachedwetsa kukula kwa zotupa. Komabe nkhaniyi ndi yovuta kuilekanitsa ndi kunenepa kwambiri, chifukwa kunenepako kumachititsa munthu kubanika m'tulo komanso pakokha kumawonjezera chiopsezo cha khansayi.

Kusowa tulo pakokha si chizindikiro cha matendawa. Zofunika kupita nazo kuchipatala msanga ndi magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kosatha, ndiponso kuwonda popanda chifukwa.