Sitima za Nkhondo pa Nyanja ya Malawi, 1914 mpaka 1918

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, chitetezo cha dziko la Nyasaland, lomwe lero ndi Malawi, chinadalira nyanja. Dzikoli linkalamulidwa ndi Britain koma linali kutali kwambiri ndi London, ndipo linalibe gombe la nyanja yamchere. Kumpoto, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kunali German East Africa, komwe tsopano ndi Tanzania. Gombe la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja linalinso m'manja mwa Majeremani. Msewu woti galimoto ichoke ku Zomba mpaka ku Karonga kunalibe, choncho asilikali, mfuti, zipolopolo ndi chakudya zinkayenera kuyenda pamadzi, pa nyanja yotalika makilomita oposa 500. Mwini sitima yamphamvu ndiye akanakhala mwini nyanja yonse.

Sitima ziwiri

Sitima yaikulu ya boma la atsamunda inali Guendolen. Inapangidwa ku Britain, inabwera zidutswazidutswa, ndipo inalumikizidwa ndi kuyandamitsidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, mu 1899. Majeremani anali ndi sitima yotchedwa Hermann von Wissmann, yopangidwa ku Hamburg, yomwe inalowera njira ya Zambezi ndi Shire n'kuyamba kuyenda pa nyanja mu 1893. Poyamba sitima za mbali zonse ziwiri zinkalimbana ndi ogulitsa akapolo owoloka nyanja pa zombo, ndipo oyendetsa ake ankadziwana bwino. Kaputeni Rhoades wa Guendolen ndi Kaputeni Berndt wa Wissmann anali mabwenzi odyera mbale imodzi.

Britain italengeza nkhondo pa 4 August 1914, bwanamkubwa Sir George Smith anaona kuti ngati Wissmann ikhala yamoyo, palibe sitima yonyamula asilikali imene ingapite kumpoto mosatekeseka. Rhoades anatumidwa kukaisaka. Zida zimene anapita nazo zikuonetsa poyera mmene Britain inali itanyalanyazira chitetezo cha dziko lakutalili: mzinga umodzi wokha wa mtundu wa Hotchkiss, ndi zipolopolo zokhalitsa zimene zina sizinkaphulika n'komwe. Pakati pa mwezi womwewo wa August anaipeza Wissmann ku Sphinxhaven, komwe tsopano ndi ku Liuli, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Ataombera kangapo, chipolopolo chimodzi chinalasa. Berndt, yemwe uthenga wa nkhondo unali usanamufike, anapalasa bwato kudzafunsa chimene chamulowa mnzakeyo, ndipo pomwepo anagwidwa ukaidi. Angelezi anachotsa mzinga wa Wissmann ndi ziwalo zina za injini, n'kuisiya.

Mabuku ambiri amaisimba nkhani imeneyi ngati nthabwala ya azungu awiri. Kutero n'kuipeputsa, chifukwa zotsatira zake zinali zazikulu ndipo zinagwera anthu ambirimbiri amene sanaonepo n'komwe Sphinxhaven.

Karonga ndi kubwerera ku Sphinxhaven

Nyanja itatseguka, boma linatenga pafupifupi sitima iliyonse yoyenda: za kampani ya African Lakes, yomwe anthu ankaidziwa kuti Mandala, komanso Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA ya ku Likoma, imene inasiya ntchito yake ya uthenga ndi maphunziro n'kuyamba kunyamula asilikali. Sitimazi zinatengera asilikali a King's African Rifles ku Karonga motsogozedwa ndi Kaputeni Barton. Pa 9 September 1914 gulu la Majeremani lochokera ku Neu Langenburg, komwe tsopano ndi ku Tukuyu, linaukira Karonga ndipo linagonja, kusiya akufa ambiri ndi mizinga yake. Akanapanda kufika pamadzi asilikali a Barton, n'kovuta kuona chimene chikanaletsa adaniwo kutsika ndi gombe.

Wissmann inali idakali nkhawa, popeza Majeremani akanatha kuikonza. Mu May 1915 msilikali wapamadzi wa Royal Navy, Lieutenant-Commander Dennistoun, anatsogolera sitima zingapo kubwerera ku Sphinxhaven. Asilikali anatsika, anathamangitsa olondera, n'kuiphulitsa sitimayo. Kuchokera apo Majeremani sanayandamitsenso sitima ya nkhondo pa nyanjayi. Mzinga wa Hotchkiss wochokera pa Guendolen ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria.

Njira ya zida

Kulanda nyanja kunali kosavuta poyerekeza ndi kufikitsa katundu kunyanjako. Bokosi la zipolopolo lochokera ku Britain kapena ku South Africa linkatsitsidwa ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, m'dziko la Apwitikizi, pamalo amene Britain inabwereka kuyambira 1891. Portugal sinalowe nkhondoyi mpaka March 1916, choncho kwa miyezi yambiri zida za Nyasaland zinkadutsa m'dziko losatenga mbali. Ku Chinde bokosilo linkakwezedwa m'sitima zing'onozing'ono za mumtsinje. Njanji ya Shire Highlands inkachoka ku Port Herald, komwe ndi ku Nsanje, kufika ku Blantyre kuyambira 1908, ndipo mu 1915 inatalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, chifukwa madzi a Shire anali ataphwa moti sitima zinkatitimira mumchenga. Pakati pa Shire pali mathithi amene sitima singadutse, ndipo zaka zimenezo nyanja inali itatsika kwambiri, kotero kuti ngakhale kumtunda kwa Liwonde mtsinje sunali wodalirika. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston katundu ankayenda pa ngolo, pa magalimoto ochepa, koma makamaka pamitu pa anthu.

Bokosi limodzi linkatsitsidwa ndi kukwezedwa kambirimbiri lisanafike m'manja mwa msilikali, ndipo paliponse pamene injini inalephera, m'malo mwake munkalowa munthu. Mu 1916 General Edward Northey atayamba kulowa m'dziko la Majeremani kuchokera kumalire a Songwe, mtunda wa pakati pa doko ndi bwalo la nkhondo unkakulirakulira, ndipo njira zochoka kunyanja zinkakwera mapiri ozizira a Livingstone. Mtengatenga ankasenza katundu wa asilikali pamodzi ndi chakudya chake chomwe, ndiye ulendo ukatalika ankafunika ena osenzera osenzawo.

Akatswiri a mbiri amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondoyi, pamene pafupifupi 19,000 anali asilikali. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka anthu, apolisi ankasaka m'midzi usiku, ndipo amuna ena ankathawira kutchire. Kamwazi, chibayo ndi njala zinapha amtengatenga ambiri kuposa zipolopolo. John Chilembwe anali atadandaula kale za magazi a anthu akuda otayika pa nkhondo ya eni, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914, miyezi yochepa asanaukire boma mu January 1915.

Kumudzi minda inatsala ndi amayi, ana ndi okalamba, pamene boma linkatenganso chimanga, mpunga ndi ng'ombe zodyetsa asilikali. Nkhondo itatha mu November 1918, sitima zomwe zija zinabweza otsala amoyo kumadoko a Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Fort Johnston, nthawi yomwe mliri wa chimfine choopsa unkafalikira m'dziko, n'kupha anthu amene njala ndi ulendo zinali zitawafooketsa kale.