Kiyibodi ya ku Chezi ili ndi mizu ku Balaka

Kwathu ku Chezi, m'mbali mwa msewu wa ku Salima, kwaya ikamaimba Lamulungu pamakhala mnyamata mmodzi amene satsegula pakamwa. Amakhala pakona ndi kiyibodi yolumikiza ku batire ya galimoto. Batire ikatha moto nyimbo imaimira panjira, amayi n'kumayang'anana. Ndili mwana ndinkayesa kuti kutchalitchi kwakhala kotero chikhalire. Ayi ndithu. Kamvekedwe kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo ine ndikailondola imakandifikitsa ku Balaka, kwa Paul Banda.

Amishoni a Dutch Reformed atamanga ku Mvera mu 1889, m'boma lathu lomweli la Dowa, anabwera ndi nyimbo zakwawo zongomasulira. Ng'oma inatsala panja, poti ankaiona ngati ya kudambwe. Akatolika nawo ankachita Misa m'Chilatini mpaka msonkhano wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 kufika 1965, utalola zilankhulo ndi maimbidwe a eni dziko. Khomo linatseguka, koma panafunika anthu oti alowepo.

Paul Banda anali mmodzi wa iwo. Mu 1978 iye ndi anyamata anzake a pa parishi ya Balaka anayambitsa Alleluya Band, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti gululi silinasankhe pakati pa guwa ndi bwalo. Linkaimba za Mulungu, n'kuimbanso za umphawi, maliro ndi mabanja, pa zida zomwezo. Paul ankapeka, ankaimba, ankaliza zida, kenako anakhala wojambula nyimbo pa situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene ambiri amangoti IY.

Apa mpamene pagona nkhani. Kale woimba ankadalira kwambiri MBC kuti mawu ake ajambulidwe. Situdiyo ya ku Balaka inapatsa ana a anthu osauka njira ina. Mng'ono wake, Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anakulira mu Alleluya momwemo. Charles Nsaku, Coss Chiwalo, Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro onse amatchulidwa m'gulu la chamba chimene tinadzachitcha "Balaka reggae", chimene kiyibodi ndiyo msana wake. Musaiwalenso kuti kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992, imene inagwedeza boma la Kamuzu, inasindikizidwa ku Balaka komweko. Tauni yaing'onoyo inali ndi makina osindikizira, situdiyo ndi mpingo wolimba mtima pa nthawi imodzi. Ine sindiona ngati zinangochitika mwangozi kuti nyimbo zodzudzula za m'zaka za m'ma 1990 zinaphukira kumeneko.

Makaseti aja anafika m'minibasi, m'magolosale ndi m'mawailesi a m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Anyamata a m'makwaya anamva, natengera. Mvetserani bwino dzanja lamanzere la woliza kiyibodi wa kwanu, mundiuze ngati simukumvamo Balaka.

Koma sindingoyamikira zonse. Kiyibodi ili ndi ng'oma yakeyake ya m'kati, yongodina batani. M'makwaya ambiri ng'oma yeniyeni, imene inavutikira zaka zambiri kuti iloledwe m'tchalitchi, yabwereranso pakona, ndipo amayi oimba amathamangitsidwa ndi liwiro la makina. Mlandu umenewu si wa Paul Banda. Iye anali ndi gulu lathunthu la anthu oliza zida, pamene ife tinangotola chida chimodzi chotsika mtengo n'kuchisenzetsa ntchito yonse.

Tchuthi chapitachi ndinafunsa mnyamata wa pakona uja kuti anamuphunzitsa ndani. Anati palibe, anangomvera makaseti a malume ake. Nditati andibwereke, anandiuza kuti anatha kale ndi chinyezi, ena ana anasolola tepi n'kumangira mpira.