Zimene Moto Unasiya ku Dublin, ndi Mabuku a Ubatizo a Kuno ku Mzuzu

Pa 30 June 1922, pamene nkhondo yapachiweniweni inali itangobuka m'dziko la Ireland, nyumba yosungiramo zikalata za boma ya ku Four Courts mumzinda wa Dublin inaphulika ndi kupsa. Zolembedwa za zaka pafupifupi 700 zinasanduka phulusa tsiku limodzi: milandu ya m'makhoti, mawilo a anthu omwalira, ndi mabuku ambiri a kalembera wa anthu wa zaka za 1821 kufikira 1851. Mabuku ochuluka a ubatizo a mpingo wa Church of Ireland, amene lamulo linati asungidwe kumeneko, anapsera limodzi.

Koma mabuku a Akatolika sanapse. Chifukwa chake n'chodabwitsa: boma silinawayese zikalata zake, choncho anatsala m'makabati a ansembe m'maparishi akumidzi. Kunyozedwa kumeneko ndiko kunawapulumutsa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, nyumba ya mabuku ya dzikolo, National Library of Ireland, inawajambula pa filimu, ndipo m'chaka cha 2015 inawaika pa intaneti, a maparishi oposa 1,000. Lero mdzukulu wa munthu amene anathawa njala yaikulu ya m'ma 1840 angathe kupeza dzina la agogo ake m'zolemba za wansembe amene anawabatiza.

Mwina mudzafunsa kuti za kutali chotere zikutikhudza bwanji ife a kuno kumpoto. Zikutikhudza chifukwa mbiri ya Eklezia wa Mzuzu inalukana ndi ya anthu a ku Ireland. Asisteri a Medical Missionaries of Mary, chipani chimene Mayi Mary Martin anayambitsa mu 1937, anadzatumikira odwala pa chipatala cha St John's kuyambira mu 1962. Ansembe a St Patrick a ku Kiltegan anafika mu 1970, pa nthawi ya Ambuye Jean-Louis Jobidon. Mmodzi wa iwo, Monsinyo John Roche, anayendetsa dayosiziyi kuchokera mu 1987, ndipo anapirikitsidwa m'dziko muno mu April 1992, patapita masabata ochepa chiwerengedwere kalata ya maepiskopi ya pa 8 March. Winanso, Ambuye John Ryan, anadzozedwa episkopi wa Mzuzu mu 2016.

Mmishonale amalembera kwao. Makalata ake kwa akuluakulu a chipani, malipoti a chaka ndi zithunzi zimapita ku likulu lake. Choncho wofuna kulemba mbiri ya dayosizi yathu ayenera kugogoda ku Kiltegan ndi ku Drogheda, monganso ku Roma kumene kuli zolemba za Abambo Oyera amene anatsogolera chigawo chino pamene chinakhazikitsidwa mu 1947. Palibe choipa pamenepo. Iwo anasunga bwino zimene anali nazo. Komabe zolembazo zimanena nkhani monga anaionera mlendo. Mphunzitsi wa katekisimu amene anayenda pansi kukatsogolera mapemphero kumidzi yakutali sanatumize lipoti ku Ulaya. Dzina lake, ngati lilipo, lili m'buku la ubatizo, pa danga la mboni kapena la wobatiza munthu wodwala kayakaya.

Nafenso moto tikuudziwa. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa pamodzi ndi zikalata zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda. Koma mdani wa m'maparishi mwathu sabwera ndi malawi. Ndi chiswe, njenjete, ndi chinyezi cha Mzuzu chimene chimamata masamba pamodzi mvula ikakhalitsa. Buku la ubatizo likatha kudyedwa, mkhristu wofuna kumanga ukwati amasowa umboni, ndipo wansembe amayamba kufunafuna nkhalamba yokumbukira tsikulo.

A ku Ireland anafunika makina odula kuti ajambule mabuku awo. Ife lamya ya m'manja ikukwanira, pamodzi ndi munthu wodekha wotembenuza masamba, ndi chilolezo cha Ambuye Episkopi kuti chojambulidwacho chisungidwe malo awiri osiyana. Mabuku oyamba a mamishoni akale monga Katete ndiwo ayenera kuyambirira.